Ndidapita ku Dedza kukagula nzeru zomwe ndidasiya kwa malume

Pamene ndikulemba nkhani ino, m'zikhatho mwanga muli matuza anayi, awiri kumanja, awiri kumanzere. Pafoni ndikuchita kudina ndi chala chimodzi ngati agogo amene angoigwira kumene. Anzanga kuntchito akuganiza kuti ndayamba dimba. Ayi ndithu, matuzawa ndidawatenga ku Dedza, komwe ndidapita pa njinga yamoto kukaphunzira kupeka moto.

Eya, mwawerenga bwino. Kupeka moto ndi timitengo tiwiri, m'dziko momwe machesi amapezeka pa okala iliyonse.

Zidayamba chonchi. Mnzanga wina, yemwe timakonzetsa njinga kwa mekaniki mmodzi ku Area 25, adandiuza za kagulu ka achinyamata kamene kamapita kukagona kutchire nyengo yozizira. Sapitira mowa kapena dansi ayi. Amakaphunzira kudzisamala kutali ndi magetsi, mpopi ndi golosale: kukoleza moto, kumanga msasa, kupota chingwe, kupeza madzi abwino ndi kuthandiza wovulala pamene chipatala chili kutali. Azungu lusoli amalitchula kuti bushcraft, ndipo pa YouTube pali mavidiyo ake osawerengeka. Ine ndakhala ndikuwaonera ndi bandulo ya usiku, mpaka ndidayamba kudziona ngati dolo wa zakutchire ndili chigonere pamatiresi.

Nditawauza mayi a kunyumba, adaseka mpaka kugwira khoma.

"Ndiye mukuti mulipira ndalama kuti mukagone pansi? Bambo a mwana, kumudzi kwanu anthu amagona pansi ulere. Bwanji osangopita kumeneko?"

Ndidaseka nawo, koma mawuwo adandilasa. Kwathu, cha ku Linthipe, ndidapondako komaliza pa maliro a mayi anga zaka ziwiri zapitazo. Kudatsala malume, mlongo wawo wa mayi, amene adandilera bambo atamwalira. Mwezi ndi mwezi ndimawatumizira kangachepe pafoni, ndipo mumtima ndimati udindo wanga ndakwaniritsa.

Ulendowu sindidapite ndekha. Ndidatenga mwana wa alongo anga, mnyamata wa zaka 19 amene akudikira zopita kukoleji, ndipo tsiku lake limathera pasofa, mutu uli pafoni. Kwa ife Achewa, mwana wa mlongo wako ndi udindo wako. Ndidati ndikamuonetse kuti ankolo ake amadziwa zinthu.

Kukonzekera

Njinga yanga si ija ya anthu ozungulira dziko lonse ayi. Ndi ya 150cc, mtundu womwewu wa anyamata a kabaza, ndipo ngongole yake ndidamaliza chaka chatha. Lachisanu ndidasintha oyilo, kuona mabuleki, kupopa matayala, kenako kuima pamzere wa petulo mpaka thanki idadzaza. Kuchoka ku Lilongwe kufika paboma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo kanjinga ngati aka thanki imodzi imakwana kupita ndi kubwerera, bola osathamanga ngati ukuthawa wa katapila.

Chimodzi chokha ndidaiwala kuona: tcheni. Nkhani yake tiipeza kutsogoloku.

Katundu wathu adali tenti yobwereka, mabulangete awiri, kapoto, ufa, usipa, mchere, tochi, chikwanje chokulunga m'saka, chigubu cha madzi cha malita 5, chubu chapadera, pampu ndi masipanala. M'thumba la jekete mudali chuma changa chenicheni, kachitsulo kothethetsa moto komwe ndidachita kuitanitsa kunja. Katundu pa njinga amafuna mutu: zolemera zikhale pansi ndiponso kufupi ndi woyendetsa, mbali zonse ziwiri zilemere mofanana, ndipo pasakhale chingwe kapena nsonga ya bulangete yolendewera pafupi ndi tayala. Tidamanga zonse pakaliyala ndi mphira za chubu chakale.

M'mawa wa Loweruka mkangano woyamba udali wa helemeti.

"Ankolo, iyi indionongera tsitsi. Ndingoinyamula m'manja, ndivala tikaona apolisi."

Ndidamuuza kuti helemeti siyovalira apolisi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati helemeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo chovulala ubongo pangozi ndi maperesenti ofika 74. Koma ikhale yomangidwa lamba wa pachibwano, chifukwa yosamanga imauluka mutu usanafike pansi. Adavala, milomo ili ndwii.

Pamsewu wa M1

Tidanyamuka 6 koloko. Msewu wa M1 ukauyenda paminibasi umangoona mitu ya anthu, koma pa njinga chilichonse chimakukhudza. Fungo la utsi wa m'makhitchini, mphepo yolowa m'mikono ya jekete, mbuzi yoganiza zodumpha msewu iwe utafika kale. Mathiraki opita kuchipata cha Dedza, cholowera ku Mozambique, akamakudutsa amabwera ndi chimphepo chimene chimakukankhira kumbali. Mankhwala ake ndi kuchepetsa liwiro msanga, kugwira mahandulo osaumitsa mikono, ndi kuwasiya apite. Pa njinga ulibe chitsulo chokutchingira, bampala ndi bondo lako lomwe.

Tisanafike pa Nathenje tidakumana ndi njinga zakapalasa zambiri zolowera mumzinda, iliyonse itasenza matumba a makala otalika kuposa mwini wake. Ndimaziona tsiku ndi tsiku, ndipo makalawo ndimagula nawo, koma aka kadali koyamba kuganiza kuti tchire limene ndikupita kukagonamo ndi lomwelo likubwera kutauni m'matumba.

Pa Kamphata, pomwe pamapatukira msewu wa ku Nkhoma, tidaima kumwa tiyi ndi mandasi. Zala zidali zitachita dzanzi moti kapu ndidaigwira ndi manja awiri. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ili cha pa 1,600. Choncho ukamapita uku ukukwera, ndipo mwezi wa July chisanu chake chimakupeza ngakhale m'mafupa. Amene mukufuna kuyenda ulendo wotere, magolovesi musawaone ngati matama.

Titafika ku Linthipe, mnyamata uja adandigwira paphewa.

"Ankolo, si njira ya kwa agogo iyi?"

"Ndi yomweyo, koma tichedwa," ndidatero, n'kuwonjezera moto.

Patsogolo pang'ono tidasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wolunjika kumapiri a Chongoni. Pachitunda china chamiyala njinga idadumpha, padamveka kuti khwetche, injini n'kumalira yokha tayala osazungulira. Tcheni chidali chitagwa. Ndidaponda pansi, koma ndi kulemera kwa katundu njinga idapendekeka, ife tonse gwa m'fumbi. Palibe adavulala, kupatula ulemu wanga.

Chinthu choyamba chimene ndidachita ndi kutulutsa foni kuti ndisake vidiyo ya kabwezeretsedwe ka tcheni. Netiweki kudalibe. Masipanala ndidali nawo, koma sindidadziwe poyambira.

Adatipulumutsa ndi mnyamata wa kabaza amene adali atanyamula thumba la kachewere. Adakoleka tcheni pagiya la kumbuyo n'kuzungulitsa tayala mpaka chidalowa. Kenako adamasula nati yaikulu ya tayala, kumangitsa timabawuti ta mbali zonse ziwiri mofanana, n'kumanganso nati ija.

"Bigi, tcheni chizisewera pang'ono, ngati zala ziwiri basi, osati kulendewera ngati mkanda. Ndiye mukamatsetsereka pamiyalapa musamagwire buleki ya kutsogolo mwadzidzidzi, mugwanso."

Sizidatenge mphindi 10. Ndidamupatsa ya sopo, iye ulendo. Mwana wa alongo anga sadanene kanthu, koma ndidaona kuti mbiri ya ankolo odziwa zinthu yayamba kusuluka.

Kumsasa

Malo okumanira adali m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, koma kunja kwa malire ake, pamalo a mudzi. Okonza ulendowu adayamba akagwada kwa amfumu kupempha malowo. Adatifotokozera kuti mkati mwa nkhalango yotetezedwa, lamulo la za nkhalango la 1997 sililola kudula mitengo, kusaka kapena kuyatsa moto popanda chilolezo. Tidalipo anthu pafupifupi 30: aphunzitsi, namwino, atsikana awiri ogwira ntchito kubanki, ophunzira a kukoleji ndi anyamata angapo a njinga.

Malamulo adali ochepa. Osadula mtengo wauwisi, nkhuni ndi zogwa zokha. Moto uyatsidwe pamalo amodzi, polambulidwa bwino kuzungulira. Chimbudzi chikumbidwe kutali ndi mtsinje. Pepala lililonse la pulasitiki limene wabwera nalo ubwerere nalo.

Ndinkayembekezera kuti otiphunzitsa akhala anyamata a nsapato za jombo ndi mipeni yodula ngati a m'mavidiyo aja. Ndidapeza kuti ndi anthu awiri a m'mudzi momwemo, mayi wachikulire ndi mdala wina wa jekete yong'ambika pachigongono.

Mayiwo adayamba ndi chingwe. Adadula tsamba la khonje, kulipala ndi mpeni wobuntha mpaka kutsala ulusi woyera, kenako adatenga ulusi wouma kale n'kuyamba kupota pantchafu, mbali ziwiri nthawi imodzi, akucheza ngati palibe chimene akuchita. Changa chidatuluka chonenepa uku, chowonda uko, ndipo nditachikoka chidaduka. Za luzi la mombo adatichenjeza kuti uzisenda mbali imodzi ya nthambi. Ukasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, mtengo wapha, chifukwa chakudya chake chimayenda m'khungwamo.

Pomanga msasa adatiuza tiyambe taona kochokera mphepo. Nyengo ino mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa, ndiye khomo lisapenye kumeneko. Udzu umayamba kufoleredwa m'munsi kukwera m'mwamba, kuti wapamwamba uziphimba wapansi ndipo madzi azitsetsereka osalowa.

Namwino uja adatenga gawo la madzi ndi ngozi. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke mbee, asefedwe pansalu yoyera kenako awiritsidwe mpaka abwate mphindi yathunthu, apo ayi athiridwe mankhwala monga WaterGuard n'kudikira mphindi 30. Adatikumbutsa za kolera wa 2022 mpaka 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa za njoka adanena motsindika: osatema pabala, osayamwa, osamanga chingwe mothina. Wolumidwayo akhale phee, mwendo kapena mkono umangiriridwe kukamtengo kuti usagwedezeke, avule mphete ndi zothina, ndipo anyamulidwe msanga kupita kuchipatala. Mphiri, adatero, sithawa ikamva mapazi, imangokhala duu panjira, choncho usiku osayenda opanda tochi ndi nsapato.

Timitengo tiwiri

Dzuwa litapendeka, mdala uja adatiitana. Apa ndiye ndidati nthawi yanga yakwana. Ndidatulutsa kachitsulo kanga kaja, kukakhwekhweretsa ndi mpeni, moto n'kuthetheka anthu onse akuona. Mdalayo adakalandira, kukatembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

"N'kabwino ndithu, bambo. Nanga kakatayika?"

Adakhala pansi n'kutenga kathabwa ka mtengo wofewa, kouma bwino. Chakumphepete kwake adabowola kadzenje, n'kutema kampata kochoka m'kadzenjemo kufika kumphepete, pansi pake adayala tsamba louma. Kenako adatenga kamtengo kowongoka, konenepa ngati chala chaching'ono. Kathabwa adakaponda ndi phazi, kamtengo adakaimika m'kadzenje, n'kuyamba kukapukusa ndi zikhatho, manja akutsika uku akukanikiza, akafika m'munsi kubwerera m'mwamba mwachangu. M'kampata muja mudayamba kudzaza fumbi lofiirira. Lidasanduka lakuda, utsi udayamba, ndipo atasiya kupukusa fumbilo lidapitiriza kufuka lokha. M'menemo ndimo mudali khala. Adalikhuthulira m'kachisa ka udzu wofewa, kuuzira pang'onopang'ono ngati akunong'oneza mwana, moto n'kuti lawi.

Tonse tidaomba m'manja. Kenako adati aliyense ayese.

Abale anga, zooneka zophweka pavidiyo. Ndidapukusa mpaka thukuta, m'chisanu cha ku Dedza. Kawiri konse utsi udatuluka, ndipo kawiri konse ndidasiya kuti ndisuzumire ngati khala lagwira.

"Vuto lanu mukufuna kuona moto musanaupeke," adatero mdalayo. "Utsi ukayamba, m'pamene ntchito yayamba."

Pofika ulendo wachitatu, matuza adali atatuluka ndipo limodzi lidaphulika. Mdalayo adaitana mwana wa alongo anga kuti azilandirizana, wina manja akafika m'munsi mnzake ayambire m'mwamba kamtengo kasanazizire. Sipadatenge nthawi, khala lidagwira. Nkhope ya mnyamatayo idawala mwa mtundu umene sindidauonepo, ngakhale tsiku lomwe ndidamugulira foni.

Ndikuuzira m'zikhatho, mdalayo adandifunsa.

"Kodi kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Area 25, ku Lilongwe."

"Ayi, ndikunena kwanu kwenikweni, komwe kudatsala mchombo wanu."

"Cha ku Linthipe konkuno."

Adandiyang'ana kanthawi.

"Ndiye mwadutsa pakhomo panu ndi mthuthuthu kudzafunsa ine? Kwanuko akuluakulu adatha?"

Ndisanapeze yankho, mnyamata uja adandiyankhira: "Agogo alipo, koma ankolo amati tichedwa."

Anthu adaseka. Ine ndidasekanso, koma m'maso mwanga mudabwera chithunzi chimene ndidachiiwala kalekale. Ndili Sitandade 5, tikulondera anyani kumunda, machesi atanyowa ndi mvula, malume adasolola timitengo tiwiri patsindwi la kachisakasa n'kupeka moto wootchera chimanga. Adandiuza kuti ndiyese. Ndidakana. Nditapita kusekondale ndidayamba kuchita nazo manyazi zinthu zotere, ndinkaziona ngati chizindikiro cha umphawi.

Taganizani. Chinthu chomwecho akachita mzungu wandevu pa YouTube timati luso, timagula bandulo, timaitanitsa zida kunja. Akachita malume timati uchimidzi.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti titaye machesi, kapena kuti kusowa magetsi n'kokoma. Amene adakulira kumudzi akudziwa kuti kusenza nkhuni mtunda wautali si masewera. Koma umphawi ndi china, nzeru ndi china, ndipo ambirife pothawa umphawi tidataya ndi nzeru zomwe. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera mu March 2023, milatho idakokoloka, magetsi adazima masiku angapo, ndipo anthu ambiri adatsala opanda pogona. Nthawi ngati imeneyo, wodziwa kuimika msasa, kupota chingwe ndi kusamala madzi akumwa ndiye amasunga banja.

Usiku

Titadya nsima ya usipa, tidazungulira moto. Kumwamba mlalang'amba udali ngati ufa wotayika pamphasa yakuda, chinthu chimene magetsi a mumzinda adatibisira. Paphiri lina chapatali pankaoneka mzere wofiira ukuyenda pang'onopang'ono.

"Osaka mbewa amenewo," adatero mdala uja, akupukusa mutu.

Ndipo adatisimbira nthano ya Kaphirintiwa, malo a m'mapiri a Dzalanyama komwe makolo athu amati anthu oyamba adatsikira ndi mvula. Poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu, posewera ndi timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, adapeka moto, ndipo tchire lonse lidayaka. Mbuzi ndi galu adathawira kwa munthu, nyama zina zidathawira kutali zili ndi mkwiyo. Nanzikambe adakwera mumtengo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kuyambira pamenepo munthu adayamba kufa.

"Ndiye mukaphunzira kuyatsa, muphunzirenso kuzimitsa," adamaliza motero.

Adationetsa kazimitsidwe kake: kuthira madzi, kutakasa phulusa ndi ndodo, kuthiranso, kenako kuyandikitsa kuseri kwa dzanja. Ngati pakutenthabe, sunamalize. Adatinso bowa monga ndelema ndi manyame amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe ngati mombo ndi msuku, n'chifukwa chake pomwe padutsa nkhwangwa ya makala bowa wotere amasowa. Ndidakumbukira matumba aja a pa Nathenje, ndi mbaula ya kunyumba kwanga.

Pakati pa usiku tidadzidzimuka ndi mawu a namwino akukalipa. Anyamata awiri, chisanu chitawakola, adawola makala a moto m'chitini n'kulowa nawo mutenti, zipi n'kutseka. Mwayi wake iye adadzuka n'kuona kuwala. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, wopanda fungo ndiponso wosaoneka. Umakugoneka tulo tosadzuka. Izi n'zoona mutenti, n'zoonanso m'chipinda cha lendi chimene mwatseka mawindo mbaula ili mkati.

Ifeyo chisanu chidatiphunzitsa china. Mabulangete onse awiri tidafunda pamwamba, koma kuzizira kunkachokera pansi. Mayi aja adali atatiuza masana kuti tiyale udzu wouma wambiri pansi pa tenti, ine n'kunyozera. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera. Awa sadagonere n'komwe, adakoma usiku womwewo.

Zolembedwa pamwala

Lamulungu m'mawa, munthu wodziwa malowa adatitsogolera kuphanga lina kukaona zojambula zamakedzana. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala, ena mwa iwo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira akuti ndi za Akafula, alenje amene ankakhala kuno kalekale. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu.

Mmodzi wa ife adafunsa mayi aja tanthauzo la chojambula china choyera. Adangomwetulira.

"Zina si za amuna, ana anga."

Chidandikhudza ndi choti mwala udasunga chithunzi, koma tanthauzo lake lili m'mutu mwa munthu. Munthuyo akapita osauzako wina, mwala umatsala ndi mizere chabe.

Njira ya kwathu

Pobwerera, titayandikira Linthipe, mnyamata uja sadandigwirenso paphewa. Ndidayatsa ndekha indiketa. Tidagula shuga, mchere ndi sopo, n'kulowa kanjira kaja.

Malume tidawapeza pakhonde akuothera dzuwa. Achepa thupi, ndipo m'maso mwayamba ng'ala. Ndidanjuta pafupi n'kuomba m'manja.

"Ndani?"

"Ndine, malume. Ndabwera ndi mdzukulu wanu."

"Ooo! Ine ndimayesa unasanduka uthenga wa pafoni."

Adandigwira dzanja osalisiya. Zala zawo zidapeza matuza aja.

"Khasu wayamba liti?"

Ndidawafotokozera zonse, za tenti, za mdala uja, za kachitsulo kochokera kunja. Adaseka mpaka kutsokomola.

"Walipira zingati?"

Nditawauza, adakhala chete pang'ono.

"Ukanandipatsa theka, ndikanakuphunzitsa ndi kutchera diwa komwe."

Adatuma kamwana kuti kakapise dzanja patsindwi la khitchini, cha kumanzere kwa khomo. Kadabwera ndi timitengo tiwiri takuda ndi mwaye. Zaka zonsezi adatisunga pamenepo, pomwe utsi umatiteteza ku chinyontho ndi tizilombo tofumbwitsa mitengo. Adayesa kuimika kamtengo m'kadzenje, koma manja awo tsopano amanjenjemera. Kadagwa kawiri. Adakapereka kwa ine osanena kanthu.

Ndidayamba ine, matuza akuwawa ngati moto womwewo, mnyamata uja n'kumandilandira. Malume sankaona bwino, koma ankamva ndi khutu ndi mphuno. "Kanikiza. Usasiye. Fungo lasintha, limbikira pomwepo." Tidalephera kawiri. Kachitatu fumbi lidafuka lokha. Tidaika khala m'kachisa ka udzu n'kuwapatsa m'manja, chifukwa mpweya wouzira akadali nawo. Moto utayaka, adauyang'ana ngati akuona munthu amene adasiyana naye kale.

Mnyamata uja adali ataimika foni pamtondo, ikujambula zonse. Adawaonetsa vidiyoyo. Chithunzi sadachione bwino, koma atamva mawu awo omwe akuti "kanikiza", adafunsa ngati angathe kunenanso zina kuti zilowe m'menemo. Tidakhala mpaka batire idatha. Adatchula mitengo ya luzi, bowa wodyedwa ndi wakupha, ndi malo a kasupe amene sauma ngakhale mu October. Zina mwa izo ine, mwana amene adamulera okha, ndidazimva koyamba tsikulo.

Ulendo wa kutchire ndikukulimbikitsani, pitani. Onani tcheni, valani helemeti yomanga lamba, pemphani malo kwa eni ake, uzani wina kunyumba komwe mukagone ndi tsiku lobwerera, ndipo moto muuzimitse mpaka phulusa lizizire. Koma musanalipire aliyense, yambani mwadzifunsa kuti kwanu kudatsala ndani. Mwina ndi agogo amene amadziwa kuumba mbiya, azakhali odziwa kufutsa ndiwo, kapena malume odziwa kufolera nyumba yosadontha. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo silisamukira kutauni kudzatipeza. Foni yomwe mukuwerengera nkhani inoyi ili ndi kamera. Pitani nayo, khalani pansi, funsani.

Tidafika ku Area 25 kutada. Mayi a kunyumba atamva komwe tidadzera, sadanene kuti ndinakuuzani. Adangobweretsa madzi ofunda a mchere oviikamo manja.

Potsanzikana, malume adati tibwerenso masuku akapsa, akationetse bowa ndi maso osati ndi pakamwa pokha. Mwana wa alongo anga wandikumbutsa kale kawiri. Tcheni ndamangitsa.